Ndinangoti Musavutike

Tsiku lotsazikana ndi amishonale athu ndinanama kuti ndadwala malungo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadzimvera manyazi.

Anali azungu awiri okalamba, bambo ndi mayi, omwe ankatumikira pa tchalitchi chathu ku Biwi. Ine ndi amene ndinkawaperekeza kumsika n'kumawamasulira Chichewa. Atatsala pang'ono kubwerera kwawo, anayamba kugawa katundu wawo. Ine maso anga anali pa makina osokera.

Mayi aja anandifunsa kuti, "Amayi Phiri, makinawa muwatenga?"

Poti ndinaleredwa bwino, ndinati, "Ayi, musavutike." Kuno munthu umayamba wakana kaye kuopa kuoneka wosusuka, kenako mwini wake amakukakamiza. Koma iwo anangoti, "Chabwino," n'kukapatsa Nabanda, munthu woti ngakhale kulowetsa ulusi pasingano sankatha.

N'chifukwa chake tsikulo ndinadzitsekera m'nyumba. Nkhalamba zija zinabwera kudzandizonda wapansi, zitasiya galimoto kumsewu chifukwa cha matope. Ndinamva mayi aja akuitana, "Odi! Odi kuno, Amayi Phiri!" Mawu amenewo ndinawaphunzitsa ndine. Ndinangoti zii kuseri kwa chitseko, mtima uli pa makina. Bambo aja anaima pakhonde n'kupempherera malungo anga abodzawo, kenako anabwerera m'matope momwemo. Sindinawaonenso.

Dzulo diresi langa linang'ambika, ndiye ndinapita nalo kwa Nabanda. Analisoka mokhotakhota pa makina omwe aja, n'kundiuza kuti, "Musalipire, achemwali."

Ulendo uno sindinakane.