Matayala Ouma a Kagalimoto ka Amalume

Ndinafika ku Balaka nditangolemba mayeso a Fomu 4 kusukulu yoyendera ya kwathu ku Rivirivi. Amalume, alongo awo a mayi anga, anali atapuma pa uphunzitsi, ndipo anali ndi kagalimoto koyera, ka mtundu uja wosamwa mafuta ambiri. Msana unkawavuta akakhalitsa pachiwongolero, choncho anandiphunzitsa kuyendetsa, nandithandiza kupeza laisensi. Ntchito yanga inali kuperekeza azakhali, akazi awo, kumsika, amalume kumunda, ndi onse awiri kutchalitchi.

Ndinkafunitsitsa kuti asapeze chondidandaulira. Ndinkadzuka iwo asanadzuke, n'kupukuta galimoto mpaka m'makona a magalasi. Koma chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere: matayala ankaoneka ophwa pang'ono pamene agunda pansi. Bambo anga akhala akupalasa kabaza kuyambira ndili wamng'ono, ndipo anandiphunzitsa kuti tayala labwino ndi louma gwa, loti chala chachikulu chibwerere. Ndiye ndinkabwereka pampu yopondera kwa mnansi wathu, n'kupopa mpaka kamimba kapansi kaja katatheratu. Sindinauze munthu. Ndinkati ntchito yabwino imadzionetsa yokha.

Inadzionetsadi. Pamsewu wafumbi wopita kumunda kagalimoto kankanjanja ngati ngolo, amalume atagwira m'chiuno, akukukuta mano. Tsiku lina pokhota kumbuyo kunaterereka pamiyala, tinangotsala pang'ono kulowa m'munda wa nandolo. Titafika kunyumba amalume anatsika movutika, nati, "Kagalimoto aka kandimaliza msana. Kuli munthu ku Liwonde akukafuna, abwera mwezi ukatha."

Ndinangoti, "Chabwino amalume." Koma ndinadziwa kuti galimoto ikapita, inenso ndibwerera kumudzi, laisensi ili m'thumba ngati chithunzi chaukwati.

Anandituma kwa makaniko wina wachikulire ku Liwonde, mnzawo wakalekale, kuti akakakonze kaoneke bwino kwa wogula. Ndinampeza pansi pa mtengo wa mango, atavala kachipewa koyera, akutsuka zitsulo m'beseni. Nditapereka moni ndinalimba mtima n'kufunsa ngati tingadule ekizozi monga amachitira anyamata a padepoti, kuti mwina amalume akamva kulira kwamphamvu asintha maganizo.

"Mwanangu, amalume ako akudwala msana, ndiye ukufuna adwalenso makutu?" anatero. "Tiye tione kaye nsapato zake."

Anatenga kachitsulo koyezera mpweya, nakalowetsa patayala lakutsogolo. Anayang'ana, napukuta kachitsuloko pamalaya, nayezanso.

"Amapopa matayala awa ndani?"

Ndinayang'ana pansi. "Ndine."

"Umafuna anyamule matumba angati a makala kabaza ameneyu?"

Anzake awiri amene ankamwa tiyi pabenchi anaseka mpaka mmodzi anatsamwa. Ine ndinachita manyazi. Koma mkuluyo sanapitirize kundinyoza. Anatsegula chitseko cha dalaivala, nandionetsa kapepala komatidwa pamphuthu, pomwe panalembedwa muyeso wa mpweya. Miyezi yonse ija ndinkakapukuta kapepalako osakawerenga. Anandifotokozera kuti tayala la galimoto liyenera kukhala ndi kamimba, chifukwa ndi pamene limagwirira msewu ndi kumeza mabampu. Louma kwambiri limaima ndi pakati pokha, ngati munthu woyenda chonyang'ama.

Titaphwetsako matayala onse anayi mpaka pamuyeso wake anati nditsegule kubuti. Munali makasu atatu, batire lakufa, matayala awiri akutha amene amalume ankati adzawafuna, njerwa zotchingira pamtsetse, ndi chigubu cha madzi.

"Injini yake ndi yaing'ono ngati ya chigayo cha mtedza, inu mwaisenzetsa nyumba yonse. Siya tayala lapadera, jeke ndi sipanala. Zinazi zikagone kunyumba."

Kenaka anatulutsa sefa ya mpweya. Inali yofiira ndi fumbi la msewu wa kumunda, moti ataigogoda pamwala tonse tinayetsemula. Anaika yatsopano, nasintha mapulagi, nasinthanso mashoko akumbuyo, zitsulo zomeza mabampu, amene anati anafa kalekale. Mabuleki anawasuzumira n'kuwasiya. Mawilo akutsogolo anawawongola kuti asamakokere kumanzere. Palibe chonyezimira chimene anaikapo, ndipo kunja kagalimoto kanali komwe kaja.

Asanapite kumzikiti anakwera nane kuti tiyese. Titangoyenda pang'ono anandigwira mkono.

"Ukuthamangira kuti ndi magiyawo?"

"Ndimasunga mafuta."

"Ukuitsamwitsa injini. Ilole ipume kaye pa giya yachitatu, uimve ikamasuka, kenaka usinthe."

Ndinachita monga ananenera, ndipo kagalimoto kananyamuka mopepuka ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Potsika anandipatsa kachitsulo koyezera kaja, nati ali ndi kena. "Za kupopa kwakoku ukawauze wekha amalume ako. Ine sindinena, koma ukawauze."

Ulendo wobwerera ku Balaka unali wokoma, komanso wolemera. Chiwongolero chinkamvera chala chimodzi, mabampu ankadutsa pansi mwaulemu, koma mumtima ndinkangoyeseza mawu. Ndinapeza amalume pakhonde akusenda chinangwa ndi azakhali. Ndinanjuta pambali, n'kunena zonse, kuyambira pampu ya mnansi mpaka kapepala ka pachitseko.

Amalume anaika mpeni pansi. Azakhali ndi amene anayamba kugwedezeka mapewa ndi kuseka.

"Ndiye miyezi yonseyi," anatero amalume, "ine ndimakwera kabaza wa mlamu wanga osadziwa?"

"Pepani amalume."

"Mafuta amene amalume ako amapaka msana ukanapakako matayala," anatero azakhali, akupukuta misozi ndi chitenje.

Sanandikalipire, komanso za wogula sananene kanthu. Loweruka m'mawa anandiitana, natambasula dzanja. "Makiyi." Ndinakhala kumpando wa wokwera, kachitsulo kanga kali m'thumba. Tinadutsa Liwonde, tinawoloka Shire, tinayamba kukwera mapiri a Machinga kumene msewu umakhotakhota. Pakona yoyamba anachepetsa kwambiri, akudikira kuterereka kuja. Sikunabwere. Pa yachiwiri analowa molimba mtima. Pa yachitatu ndinamva akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, dzanja lili pagiya, m'chiuno osagwiramo.

Apa mantha ena anandigwira. Ndinaganiza kuti ngati akuyendetsa okha mokondwa chonchi, dalaivala adzamufuniranji?

Tinaima pamalo ogulitsa nthochi. Anatulutsa foni, naimbira wogula wa ku Liwonde uja. "Achimwene, pepani, kagalimoto kaja kachira. Iyayi, sindikugulitsanso." Atadula anandiyang'ana, nandiponyera makiyi pamiyendo.

"Loweruka ndi langa, mphwanga. Masiku enawo ndi ako. Msanawu sunachire wonse, usasangalale."

Ndinatola makiyiwo. Ndinangowomba m'manja pang'onopang'ono monga timachitira kwathu, nthochi ili pakamwa.

Ndikuyendetsabe kagalimoto kaja. Makaniko wa ku Liwonde uja ndimamupitira ndi nandolo akacha, ndipo akandiona amafunsa ngati makala afika bwino. Lolemba lililonse ndimayeza matayala ndi kachitsulo kake, asanatenthe ndi ulendo. Chala chachikulu chimafunabe kudina, ndipo nthawi zina ndimachilola, koma sindichimveranso. Bambo atabwera kudzacheza anazungulira galimoto, nagogoda tayala ndi phazi, n'kundinong'oneza kuti laphwa. Amalume anamva ali pakhonde.

"Alamu, lisiyeni choncho," anatero. "Pampu yanu ndaidziwa ndi msana."