Kaseti ya amalume ya ku Kyuba

Kaseti ija inali yofiira, yong'aluka pakona, ndipo amalume ankaibweza ndi pensulo poopa kutha mabatire. Ndi chokhacho chimene anafika nacho atawoloka Muloza kuthawa nkhondo, ine ndili Sitandade 3. Anali mlongo wawo wa amayi. Boma la Mozambiki linawatumiza kusukulu ku Kyuba adakali mnyamata, ndipo pobwerako anapeza mudzi uli phulusa lokhalokha. Kwawo kotsala kunali kwathu, zipinda ziwiri m'malaini a esiteti ya tiyi.

Lamulungu masana ankatulutsa wailesi ya abambo pakhonde. Munkamveka malipenga, ng'oma ndi timitengo tiwiri togogodana mosatopa. Nyimbo ikafika pokoma woimba ankakuwa kuti, "Asere!" amalume n'kuvomera ngati aitanidwa iwo. Inenso ankanditcha choncho. Ankati si Chisipanishi cha m'buku chimenecho, n'cha mumsewu. "Akapolo anachoka nawo kuno ku Afirika mawuwa, anawasunga m'ng'oma zawo mpaka analowa m'nyimbo zovina. Asere ndi mnzako, m'bale wako amene sungamusiye panjira."

Gule wake sanali ngati tchopa wathu. Wa ku Kyubayu amavina awiriawiri, mwamuna dzanja lili m'chiuno mwa mkazi. Tsiku lina amayi akuchokera kochapa, manja akununkhira sopo, mapazi ali psuu ndi dothi, amalume anawagwira dzanja. Anakana akuseka: "Achimwene, anthu aona!" Kenako anatula beseni. Anazungulira kangapo konse, duku n'kugwa, akuseka mpaka misozi. Anthu awiriwa anasiyana ali ana, makolo awo onse anafa iwo kulibe, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku limenelo ndi limene anapezanadi.

Mayi wa khomo loyandikana ndi lathu anali akuyanika zovala. Pofika Lachiwiri malaini onse anali atamva. Munthu ndi mlongo wake kugwirana m'chiuno? Ankati n'chizimba chimenecho, mkuluyu anakakhwimira kunja ndipo akufuna kulemerera mlongo wake. Kulemera kwake kuti, munthu wogona pamphasa kukhitchini, wa malaya awiri! Amayi akafika pampopi nkhani zinkaduka. Anzanga anawaletsa kusewera nane. Akuluampingo anabwera, anakhala pamipando yathu, anamwa tiyi wathu wa shuga wambiri, n'kulamula kuti amayi ayambe aleka Mgonero. Palibe anafunsa kuti guleyo amavinidwa bwanji kumene anachokera. Mpaka lero ndikakumbukira makapu aja mtima umandiwawa.

Abambo sanali munthu woipa. Anali wamantha, ndipo kukula konseku sindinaone kusiyana kwake kwenikweni. Kapitawo atangowafunsa za mlendo wokhala m'nyumba ya kampani, anabwera kunyumba n'kuitana amalume. Ndinawamva akuti, "Alamu, mukudziwa kuti nyumba ino si yanga." Sanawonjezere china.

Amalume ananyamuka m'mawa wa chiperoni, phiri lisakuoneka, malaya ena aja ali m'jumbo. Anandisisita m'mutu. Abambo anawapatsa dzanja maso ali pansi, ndipo amalume analigwira nthawi yaitali n'kunena motsitsa kuti, "Tsalani bwino, asere." Ena anati anawaona pa Limbuli akulowera kumalire. Sitinamvenso za iwo, ngakhale nkhondo itatha. Amayi sanavinenso, ngakhale paukwati wanga.

Masiku ano ana anga amaliza nyimbo zotere pafoni, akugwirana m'chiuno ndi aliyense, palibe wodabwa. Mawu aja akatulukamo ndimapita kuseri kwa nyumba.

Tsiku limene ananyamuka lija, amalume anasiya kaseti ija pawindo. Nditafunsa amayi chifukwa chimene amalume achokera, anayang'ana kumbali n'kuti, "Mabatire atha, mwanangu." Ndinakhulupirira. Nyengo yonse yozizira ija ndinkatola mabatire otayidwa kudzala, n'kuwandandalika pamwala kuseri kwa bafa kuti dzuwa likatuluka awotheko. Ndinkawalawa ndi lilime kuti ndimve ngati mphamvu yabwerera. Chinkandidabwitsa n'chakuti amayi akandipeza pamwalapo ankalira, chonsecho ine ndinali kuwabwezera mlongo wawo.