Khansa Imene Sinali Papepala

"Mwati malungo? Malungo ake ati?"

Dailesi Kaonga anafunsa funsoli ataimirira pakati pa anamfedwa, mkulu wa mpingo atangomaliza kuwerenga mbiri ya malemu mayi ake. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Azakhali ake anamukoka chitenje kuti akhale pansi, kwaya inayambitsa nyimbo, mwambo n'kupitirira.

Inu amene mukufuna nkhani yokulimbitsani mtima, yambirani pamenepa, m'mudzi wina wa ku Nthalire, kumwera kwa boma la Chitipa, kumene nthawi ya dzinja msewu umasankha wokha galimoto yoti idutse.

Mayi ake a Dailesi sanafe ndi malungo. Anataya magazi chaka ndi theka. Bambo ake anali atamwalira kale, choncho Dailesi anasiya sukulu ali fomu 2 kuti aziwachapira nsanza, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa. Fungo litakula, abale anawasamutsira m'kanyumba kophikira. Pomwe ankafika nawo ku boma, kenaka ku Mzuzu, dokotala sanavutike kupeza dzina la matendawo: khansa ya khomo la chiberekero. Anati afika mochedwa. Anawapatsa mankhwala opha ululu, iwo n'kubwerera kukadikira kunyumba.

Kumeneko matenda a kumunsi satchulidwa pamaliro. Abale angachite manyazi, ndipo anthu angayambe kufunsana kuti malemu anawatenga kuti. Mbiri ya malemu imangoti malungo, kapena mutu, kapena kuti anadwala nthawi yaitali. Onse amagwedeza mitu.

Amene amadziwa zoona ndi amayi osambitsa maliro. Lamulo lawo ndi limodzi: chimene waona m'nyumba yosambitsira chimatsala momwemo. Sukauza mwamuna wako, sukauza m'busa.

Mtsogoleri wawo anali mayi Eluby, amene aliyense amawatchula NyaMtambo, ogulitsa mchere ndi sopo pamsika, akamwa lakuthwa. Ndiwo anamulowetsa Dailesi m'gululo, ngakhale ena ankadandaula kuti ndi wamng'ono komanso wosakwatiwa.

"Mwana uyu wasambitsa wamoyo chaka chathunthu," anatero NyaMtambo. "Wakufa angamuopse chiyani?"

Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa. Dailesi ankagulitsa nyemba kuti alere azing'ono ake awiri, ndipo Lachiwiri lililonse ankasesa modzipereka pachipatala chaching'ono cha kwawo. Pakati pake, maliro. Nthawi zina ankalowa m'nyumba yosambitsira n'kulizindikira fungo lija asanavundukule nsalu. Amayiwo ankangoyang'anana, n'kuwonjezera madzi m'beseni. Mawa lake mbiri inkawerengedwa: malungo.

Tsiku lina anamva pawailesi kuti khansa imeneyi imaoneka isanakule. Namwino amangopaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuyang'ana, ndipo akapeza poyambira, amathana napo msanga. Viniga, yemweyo wothira mu tchipisi. Dailesi anasiya kusankha nyemba.

Lachiwiri lotsatira anatsamiritsa tsache pakhoma n'kufunsa namwino wa pachipatalapo, sisitala Ivy, chifukwa chimene zimenezi sizichitikira kwawoko.

"Ophunzira ntchitoyi ndi zipangizo zake ali ku boma," anayankha sisitalayo. "Kuti abwere kuno pamafunika mafuta, ndipo ndalama zimene boma limapereka ndi zochepa. Amapita kumene lipoti likuonetsa vuto."

Anatsegula lipoti la chaka n'kuloza ndi cholembera. Pamzere wa khansa panali ziro.

"Papepala, kwanu kuno khansa kulibe, m'bale wanga."

"Nanga mayi anga?"

"Anawalembera kuti?"

"Ku Mzuzu."

"Ndiye ndi a ku Mzuzu amenewo."

Dailesi anapita kwa amayi anzake osambitsa maliro n'kuwapempha kuti anene zimene akhala akuona. NyaMtambo sanadikire kuti amalize.

"Iwe, tinakulowetsa kuti uzisambitsa, osati uziwerenga. Ukufuna tikayanike maliseche a anthu akufa ku boma?"

"Sindikufuna mayina, mama. Ndikufuna amoyo apimidwe."

"Lero ulibe dzina, mawa uli nalo. Tikayamba kulankhula, ndani adzatipatsenso mtembo wa mayi ake? Tula beseni."

Anatula. Kuyambira tsiku limenelo sanaitanidwenso.

Apa ndi pamene ine ndimagoma naye. Lamulo la amayiwo sanaliswe. Anaganiza kuti chinsinsi cha wakufa chili ndi eni ake, ndipo eni akewo angathe kuchimasula. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, m'mabanja amene iye mwini ankadziwa kuti anataya mayi mwa njira imeneyi. Sankanena zimene anaona. Ankangonena za mayi ake, zonse, mpaka za kanyumba kophikira, kenaka n'kufunsa ngati nawonso ali ndi choti anene.

Wamasiye wina anamuthamangitsa ndi mpini. Gogo wina anamulavulira pamapazi. Pamsika anthu anayamba kumutchula wofukula manda, ndipo nyemba zake zinkafumbwa m'thumba. Koma bambo wina anamumvetsera mpaka kumapeto, nayang'ana kumene ana ake ankasinja mawere.

"Lemba," anatero. "Ndili ndi ana aakazi atatu."

Zinamutengera zaka ziwiri, wapansi, chifukwa njinga anali atagulitsa. Anafika m'mabanja makumi atatu ndi limodzi. Khumi ndi anayi anavomera, nadinda chala m'kope lake la sukulu.

Chaka chilichonse ku boma kumakhala msonkhano wokambirana mmene ndalama za zaumoyo zigawidwire, ndipo oimira midzi amapatsidwa mphindi zochepa kumapeto, anthu atayamba kale kuganiza za nkhomaliro. Sisitala Ivy anamupezera Dailesi mphindi zisanu. Dailesi anakwera lole ya chimanga. Atakhala pamatumba, anaona NyaMtambo akukwera nawonso, atavala zoyera za Umanyano, gulu la amayi a mpingo.

"Usasekerere," anatero NyaMtambo. "Ndikupita kukamva ngati utchule dzina la munthu. Ukatchula, ndikakutseka pakamwa pamaso pa mabwana akowo."

Ine ndinali m'chipindamo, ndikulemba zokambirana, ntchito yoyamba imene digiri yanga inandipezera. Wotsogolera msonkhano anali bambo Lazarus Makwinja, munthu wa ku Thyolo amene Chitumbuka chake chinkathera pa "monire" ndi "yewo chomene". Sanali munthu woipa. M'mawa wonse anali akudula zinthu zimene iye mwini ankadziwa kuti ndi zofunika: matayala a ambulansi, denga la chipinda cha amayi oyembekezera. Ndalama zinali zitatha anthu asanathe kupempha.

Dailesi analankhula Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka, kope lili m'manja, osalitsegula. Ananena za mayi ake. Ananena kuti pali mabanja khumi ndi anayi. Anapempha kuti opima khansa azifika kwawo.

"Mayi, ndakumvani," anatero bambo Makwinja. "Koma uwu si umboni wa chipatala. Mwa anthu amenewa, ndi angati anapimidwa?"

"Awiri, bwana."

"Mwaona? Ine ndikapempha ndalama kumtunda, amandifunsa manambala. Manambala a kwanu akuti ziro."

"Akanawapima ndani, bwana? Inu simubwera chifukwa odwala kulibe. Odwala kulibe chifukwa inu simunabwere."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusiya msanga. Bambo Makwinja anavula magalasi.

"Tingadziwe bwanji kuti onsewa ndi khansa? Mwina mwachulukitsa."

Apa mpando unalira. NyaMtambo anaimirira, osapempha chilolezo.

"Wachulukitsa? Mwana uyu wachepetsa, adada. Wawerenga okhawo amene amuna awo avomera."

"Ndinu ndani, mayi?"

"Ndine amene ndimalandira odwala anu mukawabweza. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Dzina la munthu simulimva kwa ine, ngakhale mutaitana apolisi. Koma matenda amenewa ife timawadziwa tili pakhomo, tisanalowe. Kale ankabwera kamodzi pachaka. Chaka chatha ndasambitsa anayi. Wina anali wobadwa pambuyo pa mwana wanga."

Anatambasula manja ake patebulo, pamwamba pa mapepala a bajeti. Anali manja akuluakulu, osweka ndi sopo.

"Inu muli ndi mapepala. Ine ndili ndi awa. Sankhani choti mukhulupirire."

Ndinayang'ana papepala langa n'kupeza kuti ndasiya kulemba. Zaka zinayi ku yunivesite ndinaphunzira mmene ndondomeko za boma zimapangidwira, koma panalibe buku linanenapo za amayi ogulitsa mchere.

Musaganize kuti kunagwa ndalama kuchokera kumwamba. Anakangana ola lathunthu. Kenaka wina anakumbukira kuti galimoto ya katemera wa ana imapita kale ku Nthalire kamodzi pamwezi, mpando wakumbuyo uli wopanda munthu. Anagwirizana kuti namwino wopima khansa azikwera nawo, ndi bokosi lake, kwa miyezi isanu ndi umodzi.

"Koma mverani, mayi Kaonga," anatero bambo Makwinja. "Amayi akapanda kubwera, lipoti lidzanenanso ziro, ndipo ulendo uno idzakhala ziro yopimidwa. Sindidzatha kukuthandizaninso."

Dailesi anali ndi milungu itatu. Anayenda m'mipingo, pamijigo, pachigayo. Kulikonse ankamva zofanana: akuti chitsulo chopimiracho chimatseketsa kubereka, akuti akakupeza ndi khansa ndiye kuti akuitanira imfa.

Tsiku lija galimoto inafika cha m'ma teni, yofiira ndi fumbi. Amayi anabwera ambiri, koma anabwera ndi ana kudzabayitsa katemera. Atamaliza anakaima pansi pa mtengo, kutali ndi chipinda chimene namwino wa ku boma anali atayala nsalu yake. Ankayang'ana chitseko ngati muli njoka.

Dailesi analowa yekha. Anatuluka patapita mphindi khumi, nazungulira pamaso pawo kuti amuone bwino.

"Ndili moyo," anatero. "Amangozizira viniga wake."

Amayiwo anaseka, koma palibe anasuntha.

"Iwe ulibe mwamuna woti akakufunse," anatero mayi wina.

Dzuwa linafika pamutu. Dalaivala anayamba kuyang'ana wotchi. Namwino anali ndi dzina limodzi m'kaundula.

Kenaka NyaMtambo anatulukira kuchokera kumsika, lichero la mchere lili pamutu. Analitula pamapazi a mayi uja.

"Ndisungire. Ukanyambita ndidziwa."

Anayang'ana gulu lonselo, mmodzimmodzi, mosafulumira.

"Nonsenu mudzavula pamaso panga tsiku lina, mufune musafune. Kuli bwino muvulire uyu, amene angakubwezereni chitenje muvale nokha."

Analowa. Asanatuluke, amayi asanu ndi mmodzi osambitsa maliro anali atafola pakhomo, ndipo kumbuyo kwawo mzere unayamba kukhota kuzungulira mtengo uja. Galimoto inanyamuka mochedwa tsiku limenelo. Anapimidwa amayi makumi anayi ndi atatu. Asanu anapezeka ndi poyambira matenda ndipo anathandizidwa. Mmodzi anatumizidwa kuchipatala chachikulu, akuyenda yekha ndi miyendo yake.

Miyezi isanu ndi umodzi ija inatha kalekale, koma namwino akukwerabe galimoto ya katemera. Pamzere uja wa lipoti palibenso ziro, ndipo ndi nambala yoipa yokhayo imene ndinaonapo anthu akuikondwerera. Dailesi analemba mayeso a fomu 4 ali ndi zaka makumi atatu, nakhoza ulendo wachiwiri. Lero ndi mlangizi wa zaumoyo m'dera lomwelo, ndipo ena mwa amene ankamutchula wofukula manda amamuimitsa panjira kumufunsa tsiku lobwera galimoto.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munauzidwa kuti vuto lanu silikuoneka papepala. Mwina mulibe sukulu, mulibe wachibale muofesi, muli ndi miyendo yokha ndi chimene maso anu anaona. Yendani nacho. Akakutsekerani khomo, gogodani lotsatira, ndipo mtima wanu usagwe pa khomo lachitatu kapena la makumi atatu. Ndipo inu amayi, galimoto ikafika kwanu, lowani.

Za NyaMtambo, chimene namwino anawauza tsiku lija sichidziwika, chifukwa namwino nayenso ali ndi lamulo lake. Anatuluka m'chipindamo akumanga chitenje, nadutsa mzere wonse osayang'ana munthu. Anasenza lichero lawo la mchere, kenaka anatembenukira amayi anzawo osambitsa maliro aja.

"Musankhe mtsogoleri wina," anatero. "Ine maliro ndasiya kusambitsa."