Mbewu za thonje zokazinga

Lero ndikukazinga nsawa, fungo lake landibwezera kumunda wathu wa thonje ku Nyimba.

Tinkabzala ndi amai ena ochokera ku Mozambiki, a zala zopindika. Ine, kamtsikana kosasunga pakamwa, ndinawafunsa chimene chinawapinda zala.

"Apwitikizi ankatilimitsa thonje mokakamiza, ana athu akugona ndi njala," anatero. "Ndiye mudzi wonse tinakazinga mbewu zao m'phale, n'kukabzala bwinobwino, mzele ndi mzele. Sipanamele kanthu. Ananimenya m'manjamu ndi thabwa la mabowo kuti nitchule amene anayambitsa."

"Munamutchula, amai?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nikanatchula ndani, mwanawe? Ninali ine."

Kenaka anatambasula dzanja lija kuti ndiwapatse mbewu zina. Ndinawathirira ndi manja awiri, nditagwada m'dothi.