Mizere Mazana Asanu ya Kinanthi

Inu ofuna mawu olimbikitsa, sendezani mpando. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma nkhani iyi ndikuidziwa bwino.

Kinanthi, mwana wa malemu mchimwene wanga, anafika pakhomo Lolemba lina maso ali psuu. Kakampani kena ka muno mu Yogyakarta, kolemba mapulogalamu ogulitsira matikiti a basi, kanamulemba ntchito mongomuyesa. Tsikulo bwana wake, Pak Widagdo (kuno Pak ndiye kuti Bambo), anamuuza kuti zikapanda kusintha pofika Lachisanu, asadzabwerenso.

Vuto linali ili. Pulogalamu yake inkalandira mayankho a mitundu itatu: lomwe mwina lilipo mwina palibe, obwera ambirimbiri, ndi lobwera ndi cholakwa. Iye analemba njira imodzimodziyo katatu, mizere n'kukwana mazana asanu. Akakonza apa, uko waiwala. Mapeto ake mpando umodzi unagulitsidwa kwa anthu awiri.

Ndinamufunsa ngati kompyuta nayonso imafuna kuuzidwa katatu ngati malemu amuna anga. Sanaseke.

Anakhala pansi n'kuyamba kuphunzira. Akuti zitatuzo ndi mamonadi, ndipo zonse zimatha zinthu ziwiri: kulandira chinthu, ndi kuchipatsira kutsogolo. Ukalemba lamulo limodzi la gulu lonselo, ati type class, chilichonse chotha ziwirizo chimalowa chokha.

Lachiwiri zinakana. Lachitatu zinakananso, mpunga ndi tempe, ndiwo yathu ya soya, n'kuzizira m'mbale. Lachinayi zinatheka, m'mizere makumi atatu basi.

Koma mizere yakale mazana asanu ija sanaichotse. Watengera ine ameneyu. Kwathu sititaya kanthu, zitini zanga zabisiketi n'zodzaza malastiki oduka.

Lachisanu Pak Widagdo anawerenga zonse, n'kumufunsa ngati zatsopanozo akuzikhulupirira. Anavomera.

"Nanga zakalezi zikudikira chiyani? Wina adzazidzutsa, vuto libwererenso."

"Ndinazivutikira masabata asanu ndi limodzi, Pak."

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma munthu woopa kufufuta sindingamusiyire pulogalamu."

Kinanthi akuti anasankha mizere yakale yonse ija, n'kuika chala pa batani lofufutira. Anadina. Zonse zinapita. Atayesa pulogalamu, inayenda bwinobwino, ndipo bwanayo anangomuuza kuti Lolemba asachedwe.

Lero ndiye amaphunzitsa obwera kumene, ndipo ndamva kuti amawafufutitsa mopanda chisoni.

Tsono inu, musagwe ulesi zikakana. Yesaninso. Ndipo chimene munachikhetsera thukuta chikayamba kukutsekerani njira, limbani mtima muchichotse. Ngakhale zikuwawa, dinani.