Maloko a Alamu Anga

Amuna anga tinakawaika kwawo ku Ntcheu nthawi ya dzinja. Ine ndinatsalira kumudziko monga mwa mwambo, koma alamu anga, akulu awo a malemuwo, anatsogola kubwerera ku Lilongwe. Anati akukayang'anira zinthu. Makiyi onse anali m'thumba la jekete limene amuna anga anavala popita kuchipatala, ndipo jeketelo anatenga ndi alamuwo. Masiku amenewo mutu wanga sunali pa makiyi.

Nditafika kwathu ku Area 23 ndinapeza pageti pali loko wachilendo, wonyezimira, wamkulu ngati chibakera. Ndinasuzumira pampata. Galimoto yathu inali pomwe timaimika, itakutidwa ndi masamba a mango. Aneba anga, mayi a ku Thyolo ogulitsa mandasi, anatuluka akupukuta manja.

"Alamu anu anabwera ndi kalipentala," anatero. "Asintha ndi loko wa chitseko cha nyumba yemwe. Ndamva kuti kushopu nakonso atseka."

Ndinawaimbira foni alamuwo. Anayankha mwaulemu kwambiri.

"Alamu, musadzivute. Pitani kaye kwa achemwali anu ku Chinsapo. Za katundu tikambirana akuluakulu akakumana."

"Nanga zovala zanga? Mabuku a mwana?"

"Zonse zili bwinobwino m'nyumbamo."

Nyumba imeneyo njerwa zake ndinasenza ndi mutu wangawu. Shopu ya ku Biwi, momwe timagulitsa oyilo, mafyuluta ndi mabawuti, inayamba ndi ndalama zanga za chipereganyu. Ku Chinsapo sindinapite. Ndinasiya chikwama kwa aneba, n'kulunjika kumsika.

Kumsikako kunali bambo wina wa ku Dedza wodula makiyi. Amakhala pakatebulo pafupi ndi ogulitsa makala, makiyi atawamangirira pa waya ngati usipa. Ndinkawadziwa chifukwa kale anandidulirapo kiyi wapadera wa mwana wathu, ndi ndalama yosakwana kugula nkhuku. Nditawafotokozera, anayamba andiuza kuti lero nkhani ndi ina.

"Mayi, kudula kiyi pamene mnzake muli naye m'manja n'kotchipa. Koma apa ndisiya tebulo langa, ndikwera kabaza, ndikalimbana ndi loko wopanda kiyi. Geti ndi chitseko, fifitini sauzande. Maloko atsopano mugula nokha. Komanso sindikhudza kanthu ndisanamve kwa anthu kuti nyumbayo ndi yanu."

Ndinali ndi ndalama ya chipepeso imene amayi a mvano anandipatsa, yomanga pa mfundo ya chitenje. Sindinanenerere.

Titafika, aneba anali ataitana kale anthu. Ochapa anasiya zochapa, a pagolosale anabwera, ngakhale abambo oyandikana nafe anaima chapatali manja ali kumbuyo. Aliyense ananena zimene amadziwa: kuti ndakhala pamenepo chimangire nyumba. Bambo wa makiyi anagwedeza mutu, n'kugwira loko uja, kumutembenuza uku ndi uku.

"Loko ameneyu ndi wabwino, wodula. Ndikhoza kumutsegula osamuwononga, mudzamugwiritsa ntchito."

"Mduleni," ndinatero.

"Mayi, ndi ndalamatu imeneyi."

"Si ine ndinagula. Mduleni, abambo."

Anatulutsa sowo ya zitsulo. Phokoso lake linamveka mpaka kumpopi, ndipo ine ndinafuna kuti limveke. Loko atagwa ndinatola zidutswa zake n'kuziponya m'jumbo. Wa pachitseko anamuzula yense, n'kuikapo watsopano. Ndinalowa m'nyumba mwanga, ndinatsegula mawindo onse, ndinatenga tsache. Ndinalira ndikusesa, koma ndinasesa mpaka kumaliza.

M'mawa mwake tinapita ku Biwi. Kumeneko mtengo unakwera. Chitseko cha shopu ndi chachitsulo, ndipo alamu anali atawotchereretsa kabokosi kobisa maloko awiri, koti sowo singalowemo. Pamafunika galayinda, makina odulira zitsulo, magetsi n'kuti atazima, ndiye tinabwereka jenereta kwa owotcherera. Bambo wa makiyi anati fote sauzande, kuphatikiza mafuta.

"Dzulo fifitini, lero fote?"

"Shopu si nyumba, mayi. Mukasowa kanthu muno, woyamba kutchulidwa ndine. Ndiponso taonani chitsulo chake."

Ndinachiona chitsulocho. Tinagwirizana sate faifi. Amakanika a m'magalaji oyandikana anaunjikana, mafuta ali thoo m'maovololo, ndipo mmodzi anandigula botolo la oyilo chitseko chisanatseguke n'komwe, ati ndiyambirepo. Tsiku lomwelo ndinagulitsa mpaka madzulo.

Galimoto ndiye inandikanika. Bambo wa makiyi anaiyang'ana n'kunena poyera kuti imeneyo si ntchito yawo. Anandilozera mnzawo wina wa ku Kawale amene amayenda ndi kompyuta. Ameneyo anabwera, anasuzumira pagalasi, n'kundiuza kuti kutsegula chitseko chokha ndi twente sauzande, koma injini siingalire, chifukwa kiyi wa galimoto zimenezi amakhala ndi kachipangizo m'kati kogwirizana ndi galimotoyo. Kupanga wina watsopano, n'kufufuta wakaleyo kuti asagwirenso ntchito, inali handiredi eyite sauzande.

Ndalama imeneyo ndinalibe. Ndinalipira yotsegulira chitseko basi. Ndinachotsamo mapepala a galimoto, ndipo ndinagula tcheni chonenepa ndi loko, n'kumangirira chiwongolero ku mpando. Alamu anali ndi kiyi, ine ndinali ndi geti ndi tcheni.

Anabwera Loweruka lina masana, ali ndi munthu wovala bwino amene amayang'ana galimoto kupyolera pampata ngati mmene amayang'anira mbuzi pamsika. Alamu anayesa kiyi wawo pageti, anayesanso, kenako anagogoda. Ndinatuluka, koma sindinatsegule.

"Alamu, mwachita chiyani apa?"

"Ndalowa m'nyumba mwanga."

"Mwathyola maloko a banja."

"Ndadula maloko anu. Ndi awa." Ndinawapatsira jumbo ija pamwamba pa geti. "Galimotoyo sikugulitsidwa. Abambo mwabwera nawowo muwauze asataye nthawi."

Munthu uja anabwerera yekha osatsanzika. Alamu anayankhula zambiri: kuti m'bale wawo anamuphunzitsa ndi iwo, kuti mkazi amakwatiwanso chuma n'kupita kwa eni ena. Zina mwa izo zinandipweteka, makamaka poti maliro anali asanazizire. Ndinangowayankha kuti mwana wa m'bale wawoyo ali kusukulu yogonera komweko, ndipo potsekera adzafikira m'nyumba muno.

Akuluakulu anakumanadi, pabalaza panga, pamipando yanga. Ankhoswe a mbali zonse anamva nkhani, ndipo za nyumba ndi shopu palibe anatsutsa. Koma pofuna kuti alamu asachoke ndi manyazi, anagamula kuti ndipepese chifukwa chodula maloko osadikira, ndibwezenso ndalama imene anagulira, ndipo iwo apereke kiyi wa galimoto. Kiyiyo alamu anamuika patebulo. Malume anga anandinong'oneza kuti ndingonena mawu awiri basi, nkhani ithe. Kunena zoona, kubweza maloko kunali kotchipa kutalitali poyerekeza ndi kiyi watsopano.

"Pepani akuluakulu," ndinatero, "inu ndikukulemekezani. Koma wotsekeredwa kunja ndine. Sindingapepese kwa amene ananditsekera."

Alamu anatola kiyi wawo, n'kumubwezera m'thumba.

Galimoto inakhala pansi pa mango mpaka mvula inatha, matayala awiri anaphwa. Achemwali anga amandinena kuti ndine wouma mutu, kuti ndikutaya ndalama chifukwa cha mtima. Sindinawatsutse. Ndinkapatula pang'onopang'ono kuchokera kushopu, nthawi zina kudya ndiwo zamasamba sabata yathunthu. Pomwe ndimakwanitsa, bambo wa ku Kawale uja anati zinthu zakwera, tsopano ndi thu handiredi twente. Ndinakwiya, ndinanenerera, anachotsako teni yokha. Ndinalipira.

Anakhala m'galimotomo ndi kompyuta yake pamiyendo, batire tabwereka kwa amakanika. Kenako anandipatsa kiyi wakuda, wopepuka, n'kundiuza kuti ndilize ndekha. Injini inatsokomola, n'kulira. Ndinamufunsa ngati kiyi wa alamu angagwirenso. Anati chitseko angatsegule, koma galimoto siingasunthe.

Kuyendetsa sindinkadziwa. Mmodzi wa amakanika a ku Biwi ankandiphunzitsa Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu. Tsiku loyamba kupita ndekha kushopu, galimoto inandizimira pamphambano, madalaivala a minibasi akundiimbira mahutala kumbuyo. Ndinawasiya aimbe. Ndinaliza injini, n'kulowa mumsewu mwapang'onopang'ono.