Mayi Mafunso, Dokotala Woona Odwala Ali Kutali

Mpingo wathu wataya mayi amene tonse tinkangowatchula kuti Mafunso. Dzinali analitenga ali mwana. Tsiku lina pa katekisimu anakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nthiti ya Adamu ija inameranso?" Aphunzitsi anakanda mutu nati, "Ukakula ukafufuze wekha."

Anafufuzadi. Anaphunzira udokotala mpaka kukhala katswiri wowerenga zithunzi za ekisire, zija zimaonetsa mafupa ndi mapapo. Koma ana awo akadali aang'ono, ngozi ya galimoto inawapha miyendo. Sanadandaule. Amuna awo anakulitsa zitseko kuti njinga yawo ya olumala izidutsa, naika kompyuta m'kachipinda kosokera, zenera ataliphimba ndi nsalu yakuda. Zipatala zakutali zinayamba kuwatumizira zithunzi za anthu ovulala, iwo n'kumayankha pa foni.

Lamulungu lina, atavala kale za ku Misa, wojambula ekisire wa chipatala china anatumiza chithunzi n'kuimba foni. "Adokotala, mmisiri wagwa padenga, akubanika!"

Mayi anachiyang'anitsitsa chithunzicho. "Phapo lakumanja laphwa, mpweya walipanikiza. Auzeni achipatala konko amuboole m'nthiti pompano, mukadikira ambulansi yopita naye ku chipatala chachikulu imupeza atapita."

Misa inawadutsa ali pa foni. M'mawa mwake anaimbanso okha. "Akupuma bwino? Ali ndi ana? Nanga dengalo amaliza ndani?"

"Mayi, ndinu adokotala kapena apolisi?" anaseka wojambulayo.

"Ndifuna ndimudziwe amene ndikumupempherera. Kwa Mulungu sindingapite ndi mafupa okhaokha."

Mmisiriyo anachira, ndipo Mayi ndi wojambulayo anagwira ntchito limodzi zaka zambiri.

Atakalamba, maso anayamba kuchita chifunga. Palibe anawaletsa ntchito, anaisiya okha ngakhale zinawawawa. Ankati, "Chifuwa cha mwana wa eni sachita cholota." Masiku otsala ankakhala pakhonde akupemphera korona, kufunsa aliyense wodutsa za kwawo.

Anamwalira masana, mwakachetechete, atalandira masakramenti, ana awo atawagwira manja.

Pa maliro panafika bambo wina waimvi amene palibe ankamudziwa. Anagwada pamaso pa amuna awo nati, "Ndine wojambula uja. Mawu awo ndakhala nawo kuyambira ndili mnyamata, koma nkhope sindinaionepo. Mungandilole?"

Anamutsegulira bokosi. Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ili mbwembwembwe, kenaka anati, "Zikomo, adokotala. Ndakuonani."

Mzimu wawo uuse mumtendere.